Timatumba ta Neti pa Maluwa a Kamame

Mu msewu wa mashopu, pakati pa okonza mafoni ndi ogulitsa penti, pali kachipinda ka chitseko chobiriwira. M'menemo ndi momwe a Telala akhala akusokera kuyambira ali mtsikana wongolowa kumene m'banja. Makina awo ndi opalasa ndi mwendo, ndipo chopondapo chake chinachita kusalala ndi phazi. Ntchito yambiri imene imawapeza si ya madiresi atsopano ayi, koma kuika zigamba, kusintha zipi, kubweza mathalauza a anthu amene aonda ndi kumasula a amene anenepa. Makasitomala amadziwa kuti mayiwa sayankhula akaluma mapini, ndipo ngakhale awachotse pakamwa sikuti amayankhula zambiri.

Kunyumba kwawo, kukhonde la kuseri, kuli mashelefu a matabwa odzaza ndi zitini ndi mabeseni akale. M'menemo mumamera zinthu zimene alendo sakhulupirira akauzidwa: zomera zodya tizilombo. Zina zili ndi masamba onga timitsuko, ntchentche ikagweramo situlukanso. Zina zimatseka masamba ngati msampha. Amene anayamba zimenezi si a Telala. Ndi amuna awo, omwe pano anatisiya.

Bambowo anali owerenga mamita a madzi, ntchito yoyenda wapansi khomo ndi khomo. Tsiku lina akudula njira kudzera m'dambo la kuseri kwa depoti ya mabasi, anaterereka n'kugwada m'matope. Pofuna kudzuka, maso awo anagwera pa kanthu kofiira, kukula kwake ngati batani la jekete, kotambalala pansi. Timasamba take tinali ndi ubweya, ndipo pansonga pa ubweya uliwonse panali kadontho konyezimira, chonsecho dzuwa lili paliwombo. Udzudzu unatera pomwepo n'kukanirira. Bambowo anakhala chigwadire mpaka anaona tsambalo likupindika pang'onopang'ono kuukulunga.

"Mayi, lero ndaona zoti simungazimve!" anatero atafika kunyumba. "Chomera chikudya udzudzu, ine ndikuona ndi maso angawa."

"Vulani kaye thalauzalo ndilinyike, matope asanaume," anayankha a Telala.

Bambowo anakatcha kamame, chifukwa cha mame ake osauma aja. Pofufuza pa foni anapeza kuti m'tauni yomweyo muli anthu ena openga ngati iwo: Aphunzitsi a sayansi a ku sekondale, a Namwino ena a ku chipatala cha ana, a Makaniko a pagalaji ya kumsika, ndi ena angapo. Anayamba kukumana Loweruka m'kalasi mwa Aphunzitsi, kugawana njere ndi kukangana za dothi. Malamulo a gululo anali awiri okha. Njere sizigulitsidwa, ndipo wolandira akadzakolola apatseko wina. Chomera cha kutchire sichizulidwa. Munthu angotapako njere pang'ono, zambiri azisiye zigwe pomwepo.

Zomerazi n'zovuta modabwitsa. Zinazolowera dothi losauka, moti ukazithira feteleza zimapsa. Madzi a pampopi zimakana, zimafuna a mvula okha, ndipo anzawo ankawaseka bambowo kuti munthu wa kumadzi akuweta zinthu zonyoza madzi a abwana ake. Choncho mvula ikayamba pankafunika wina wotchera migolo pansi pa denga, wosefa masamba ndi wovindikira kuti udzudzu usaswanemo. Mchenga unkafunika kutsukidwa mpaka madzi atuluke oyera. Njere zake ndi zazing'ono ngati fumbi la makala, moti zimathawira m'makona a envulopu. Pankafunika wina wodula mapepala a mapatani n'kuwapinda mwa njira yoti kanthu kasatuluke. Bambo akakhala kuntchito dzuwa litakula, pankafunika wina wothamangira kunyumba masana kukakoka mabeseni kuwaika pamthunzi. Winayo anali a Telala.

Anzawo a bambo akabwera kudzaona mashelefu, ankagwira pakamwa. "Koma achimwene, inu manja anu ndi odala!" Kenako ankatembenuka n'kunena kuti, "Alamu, tiyi uja anali bwino." A Telala sankadandaula. Ankangoona, n'kusonkhanitsa makapu. Ndipo kunena zoona, ntchitoyo anafika poikonda. Panali mphindi ina m'mawa, dzuwa likangofika pakhonde, pamene kamame konse kankayaka ngati kawazidwa mikanda, ndipo mphindi imeneyo nthawi zambiri ankaiona okha.

Chaka chimene bambo anadwala, a Telala anakhala nawo kuchipatala miyezi, kugona pansi pafupi ndi bedi. Nyumba anasiyira mlamu wawo, mchemwali wa bambowo, mayi wa mtima wabwino amene sangaone chinthu chowonda osachidyetsa. Migolo itauma, iye anathirira ndi madzi a pampopi. Ataona kuti masamba akufota, anagula feteleza n'kuwaza pang'ono pang'ono m'zitini zonse.

"Ndimati zinenepeko kuti achimwene akamatuluka adzasangalale," anatero akulira, maliro atatha.

A Telala anamugwira dzanja. Zamitsuko zina zinapulumuka. Kamame ka pakhondepo, kochokera ku dambo kaja, kanafa konse.

Chimene chinatsala ndi kapepala kamodzi. Asanagone m'chipatala, bambo anali atatapa njere ku dambo, n'kugawira aliyense wa m'gulu, ndipo kawo anapinda okha, mokhotakhota monga mwa chizolowezi chawo, n'kulembapo ndi pensulo kuti "Kamame ka kwathu". A Telala anakaika m'botolo la jamu, m'firiji, kuseri kwa majarini. Akamatsuka firiji ankalitulutsa botololo, kulipukuta, n'kulibwezera. Kutsegula ndiye ayi. Kutsegula kukanatanthauza kufunyulula pamene zala za bambo zinapinda.

Zinapita zaka. Anzawo a bambo sanawachotse a Telala m'gulu la pa foni, mwaulemu, ndipo iwo ankapitabe Loweruka lina ndi lina atanyamula timapepala topinda, chifukwa panalibe wina amene anaphunzira kupinda.

Kenako ku dambo kunaoneka zikhomo zopaka penti yofiira, ndi chikwangwani cha kampani ina yomanga nyumba zosungiramo katundu. Anthu a gulu, amene moyo wawo wonse sanakwezepo mawu pagulu, anapezeka akuyenda khomo ndi khomo kumunsi kwa dambolo, kufotokozera anthu kuti dambo likakwiriridwa madzi a mvula adzasowa kopita, adzalowa m'nyumba zawo. Aphunzitsi ankayankhula pa wailesi za achule, mbalame ndi kamame. Anagwirizana zokapereka dandaulo ku khonsolo, akuyenda pamodzi.

Chinsalu cha uthenga chonyamula patsogolo pa ulendowo anasoka a Telala. Analumikiza mashiti awiri akale, n'kudula zilembo m'zidutswa za yunifolomu ya sukulu, chilembo chilichonse chopindidwa m'mphepete kuti chisamasuke. Anasokeranso matumba m'mbali mopisamo mitengo, ndi timabowo topitira mphepo kuti onyamula asavutike. Chithunzi chitatuluka m'nyuzipepala, chinsalucho chinaoneka bwino zedi, abambo atachigwira uku ndi uku. A Telala anali kumbuyo ndi chigubu cha madzi akumwa. Ku khonsolo anawalandira mwaulemu n'kuwauza kuti nkhaniyo aiona.

Loweruka lotsatira anthu anafika m'kalasi atakhumudwa. A Makaniko, omwe sapirira nkhope zakugwa, anayesa kulimbitsa anthu mtima.

"Abale, tisachite ngati pamaliro. Ngakhale atakwirira, kamame sikangathe. Si tonsefe tili ndi njere zake? Malemu anatigawira."

"Njere tili nazo," anatero a Namwino. "Koma ndani ali nako kamoyo, m'chitini?"



"Ine ndimadziwa kuti kali kwa Aphunzitsi," anatero a Makaniko.

"Kwa ine? Ine malo anandithera ndi zija zochokera kunja zija. Ndimati a Namwino ndiwo..."

"Zanga zili m'dirowa. Ndimati ka pompano, tsiku lililonse ndikhoza kufesa."

Anafunsana mozungulira, ndipo yankho linali limodzimodzi. Aliyense anasamala kapepala kake ngati chuma. Aliyense anadzaza mashelefu ndi zazikulu, zamawangamawanga, zimene njere zake zinachita kuwoloka nyanja. Kamame ka kwathu kanali kakang'ono, kosadzionetsa, ndipo kanali pafupi. Aliyense ankaganiza kuti mnzake akukasunga. Mapeto ake maso onse anatembenukira kumpando wa pafupi ndi chitseko.

"Alamu?" anatero a Makaniko motsitsa mawu.

"Kanafa nthawi ya chipatala ija," anayankha a Telala. "Nanenso ndili ndi pepala chabe."

Anagwirizana kuti aliyense akafese sabata yomweyo. A Telala anatsuka mchenga, anathira madzi a mvula m'beseni, anatulutsa botolo lija. Anakhala nalo pamiyendo kanthawi. Kenako anafunyulula kapepalako ndi nsonga ya singano kuti kasang'ambike, n'kuwaza kafumbi kakudako pamwamba pa mchenga wonyowa, osakwirira.

Anadikira. M'mawa uliwonse ankawerama ndi magalasi awo osokera. Pamchengapo panamera ndere zobiriwira, basi. Pa foni uthenga unali womwewo kuchokera kwa onse: palibe, palibe, kuno palibenso. Njere za kamame sizikhalitsa. Za m'madirowa zinapsa ndi kutentha, za m'firiji zinakalamba ndi kuzimazima kwa magetsi. Anthu onsewa, kwa zaka zonsezi, ankasunga fumbi lakufa.

Nthawi imeneyo n'kuti matipa atayamba kale kuthira zidutswa za njerwa ndi dothi lofiira kumtunda kwa dambo, nkhani ikuonedwabe ku khonsolo. Ndipo kumtundako, pomwe madzi amachita kudontha m'nthaka, ndi pokhapo pamene kamame kankamera.

"Nkhani ndi yachidule," anatero a Makaniko pamsonkhano wotsatira. "Mawa ndibweretsa fosholo ndi pikapu. Tikazule, tidzalapa pambuyo."

"Simupita," anatero Aphunzitsi.

"Aphunzitsi, muno si m'kalasi mwanu... chabwino, ndi m'kalasi mwanu, koma ine si mwana wanu wa sukulu. Lamulo lija tinapanga ndife. Likatiphera chomera, ndi lamulo la chiyani?"

"Mverani kaye. Dzulo kunabwera mkulu wa kampani ija. Waulemu bwino, tayi pakhosi. Akuti, bwerani mudzatenge maluwa anuwo, tikupatsani ndi lole yomwe, tijambulitse limodzi. Mukudziwa chifukwa chake? Tsiku limene tidzazule ngakhale kamodzi, adzapita ku khonsolo n'kukanena kuti zomera zija zinasamutsidwa bwinobwino ndi eni ake, palibenso chotsalira. Dandaulo lathu lathera pomwepo. Nanga anthu a kumunsi aja, amene tinawagogodera zitseko, tikawauza chiyani? Kuti ife tapulumutsa zathu, inu muone nokha za madzi?"

"Ndiye tingokhala n'kumaonerera?"

A Telala ankawamva onse awiri, ndipo onse ankanena zoona. Sanali munthu woyankhula pamsonkhano. Zaka zonsezo mawu awo m'kalasimo anali ofunsa amene akufuna shuga. Koma anali atadutsa ku dambo m'mawa womwewo.

"Kayamba kutulutsa maluwa," anatero. Anthu anatembenuka. "Njere lamulo likulola."

"Likulola, mayi," anatero Aphunzitsi. "Koma njere za kamame zikakhwima zimatayika tsiku lomwelo. Ndani angakhale pamenepo kudikirira? Ndipo malowo anaika mlonda."

"Ndiyesa," anatero a Telala.

Kushopu anali ndi chidutswa cha katani ya neti yosalala kwambiri, chimene kasitomala wina anasiya kalekale. Anadulamo tizidutswa, n'kusoka timatumba totalika ngati chala chaching'ono, msoko wopinda kawiri kuti fumbi lisapeze potulukira, kukamwa kwake kuli ulusi wokoka. Duwa la kamame limakhala pa kamtengo kowonda ngati ulusi wa zipi. Maluwa amatseguka limodzi limodzi kuyambira m'munsi, lililonse m'mawa umodzi wokha, ndipo njere zimakhwimanso motsatana momwemo. Ankafunika kudikira kuti duwa lomaliza lifote, kenako aveke thumba, amange mosafinya.

M'mawa woyamba, atangogwada m'matope, anamva mapazi.

"Amayi, kuno n'koletsedwa. Chikwangwani simunachione?"

Anali mlonda, bambo wachikulire wa chijasi chakuda chong'ambika thumba.

"Ndachiona, bambo. Chalembedwa bwino."

"Nanga?"

"Sinditenga njerwa kapena chitsulo. Ndikungomanga timatumba."

Mlondayo anayandikira, anaima manja kumbuyo, anayang'ana nthawi yaitali.

"Ntchito ndazionapo zambiri pa dziko lino," anatero. "Koma yoveka udzu zipewa ndiye ndi lero."

A Telala anamulozera pansi. Iye ananjuta, mawondo akulira. Pa tsamba lina panali kantchentche kakuphiriphitha, tsambalo litayamba kale kupinda.

"Kakudya ndithu?"

"Kakudya."

"Ha! Ndiye bwanji osandidzalira kuzungulira kanyumba kangako? Udzudzu wa kuno umachita kubwera ndi abale ake." Anadzuka n'kupukuta manja. Kenako ananena osawayang'ana: "Mabwana amafika dzuwa likakwera. Muzikhala mutapita."

Kuyambira pamenepo a Telala ankadzuka kusanache bwino, kuthirira za kukhonde, kupita ku dambo, n'kukafika kushopu mochedwa, nsapato zili m'pulasitiki, mapazi atatuwa. Inali nyengo yotsegulira sukulu ndipo mayunifolomu anaunjikana. Mayi wina anatenga nsalu yake mokwiya n'kupita nayo kwina. Mawondo anayamba kuwawa popalasa makina. Mwana wawo wamkazi, amene anakwatiwa kutali, anaimba foni atamva kwa azakhali ake.

"Amayi, akuti mukumakagwada m'matope m'mamawa? Pa msinkhu wanuwo? Zinthu zimenezo zinali za adadi. Mwawatumikira mokwanira."

"Sindikutumikira adadi ako," anatero a Telala. Anadabwa okha kumva kuti zimenezo n'zoona.

A gulu ankathandiza monga akanathera. A Namwino ankabwera akaweruka ntchito, maso ali psuu, n'kugwira timitengo a Telala akumanga. Aphunzitsi anali pakati pa khonsolo ndi kalasi. A Makaniko anabwera kamodzi, anathyola kamtengo ndi zala zawo zonenepa, n'kupempha okha kuti azingowatengera anthu pa galimoto.

Tsiku lina a Telala anaona kuti mulu wa dothi, umene unkabwera molunjika pa kamame, wayamba kukhotera kumanzere. Pakati pa njira ya matipa panali mgolo wopanda kanthu. Tipa itafika, anamva mlonda akukuwa.

"Uko, adiraiva, uko! Kuno n'kofewa, mutitimira mpaka magalasi!"

Kunali kofewadi, koma osati kuposa kwinako. Palibe anamutuma, ndipo akanagwidwa ntchito ikanatha. A Telala sanathokoze ndi pakamwa, poopa kuti chinthucho chikatchulidwa chisanduka mlandu. Anangomupempha chijasi chija, n'kubwera nacho mawa lake thumba litasokedwa, mabatani onse ali ofanana.

Njere zinayamba kukhwima. Pa timitengo tina, timakoko ta m'munsi tinada, ndipo thumba ukaligwedeza pafupi ndi diso munkaoneka kafumbi pamsoko. Koma zambiri zinali zikadali zobiriwira. Zinkafuna masiku ena.

Masikuwo sanapezeke. M'mawa wina mlonda anawachingamira panjira, chipewa chili m'manja. Mgolo uja unali utagubuduzidwira kumbali. Kuseri kwake kunaima chimakina chachikasu chokankha dothi, chimene chinabwera dzulo lake madzulo.

"Amayi, ndalephera. Kwabwera kapitawo wina. Akuti lero asalaze mpaka pamtengo paja." Analoza mtengo umene unali pakati pa dambo, kupitirira pa kamame.

A Telala anatulutsa sizasi. Anayenda chogwada kudula kamtengo kalikonse kovala thumba, kokhwima ndi kosakhwima komwe, n'kumaika m'chitini cha majarini. Matumba ena anali atakwiririka kale ndi dothi logumuka usiku. Atamaliza anakhalabe chigwadire. Kamame kanali mbali zonse, kofiira, kakunyezimira monga mwa masiku onse. Kamene kanali pafupi ndi bondo lawo mizu yake sinali yozama. Nsonga ya sizasi ikanakwanira.

"Bwanji osangozula?" anatero mlonda. "Ine maso angawa ndi okalamba. Sindinaone kanthu."

A Telala anayang'ana sizasi, anayang'ananso kumunsi, kumene dambo linali likadali lobiriwira, madenga a nyumba akuoneka kuseri kwa bango.

"Loweruka akandifunsa ndidzanena zoona," anatero. "Ndipo zikanenedwa zidzamveka mpaka ku kampani."

Anatseka chitini, anadzuka movutikira. Akufika pamsewu anamva chimakina chija chikulira. Sanacheuke.

Timitengo anatiyanika pa pepala loyera la mapatani, m'kabati ya kushopu, kopanda mphepo. Titauma anafunyulula matumba limodzi limodzi, akugogoda ndi chikhadabo, mpweya ataugwira. Zimene zinagwa pa pepalapo, atazisonkhanitsa ndi nthenga, zikanakwana pa chikhadabo cha chala chachikulu, malo n'kutsalapo.

Loweruka anthu anabwera ambiri, ena amene anali atasiya kalekale. Aliyense anali ndi chiyembekezo chopita ndi kapepala m'thumba. A Telala analowa mochedwa, a Makaniko ali pambuyo atanyamula thireyi ya buledi yobwereka. Munali zitini za majarini zobowola pansi, chilichonse chili ndi mchenga wonyowa, chovindikira ndi kapulasitiki.

"Nanga njere zili kuti, alamu?" anafunsa wina.

"Zili m'menemo. Ndafesa dzulo."

"Zonse?" anatero Aphunzitsi, nkhope itasintha. "Mayi, osasungako ngakhale pang'ono? Nanga zikakana?"

"Zikakana zakana, Aphunzitsi. Kusunga tinasunga kale."



"Pepala sindipereka," anapitiriza a Telala. "Wofuna atenge chitini. Koma asanatenge andiuze pamene akachiike, ndi amene azithirira iye akachoka. Atchule munthu. Ngati ndi akazi anu, ngati ndi mwana wanu, kaya wantchito, mukamufunse kaye, ndipo mukamuphunzitse. Loweruka lina adzabwere nayenso."

Abambo ena anayang'ana pansi. A Makaniko anakanda m'mutu.

"Ine wanga akangomva zoti ndawonjezera china chothirira, ndigona m'galaji."

"Ndiye muzithirira nokha, alamu."

Anthu anaseka, koyamba m'miyezi yambiri, ndipo anayamba kubwera mmodzimmodzi.

Kumtunda kwa dambo tsopano kuli simenti ndi zipilala zachitsulo. Za kumunsi nkhani ikadali ku khonsolo. Matipa anaimitsidwa pamtengo paja, ndipo Aphunzitsi akupitabe ndi anthu a m'nyumba zija, sakudziwa kuti zidzatha bwanji. Mlonda anamusamutsira ku malo ena. A Telala anali atamusungira chitini, koma atapita nacho anapeza mnyamata wina wa yunifolomu yatsopano amene sankadziwa n'komwe kumene mnzakeyo anapita.

Chitini cha Aphunzitsi chinachita nkhungu. Cha a Namwino chinagwetsedwa ndi mphaka. Kwa a Telala mchenga unangokhala duu, sabata ndi sabata, ndipo iwo anayamba kudzifunsa ngati sanadule msanga, ngati sizasi ija sakanaigwiritsa ntchito ina. Sanauze munthu. Ankasoka mayunifolomu.

Tsiku lina masana pakhomo pa shopu panada. Anali a Makaniko, ovololo ili ndi girisi mpaka m'khosi, atanyamula chitini ndi manja awiri ngati mbale yodzaza msuzi. Munthu amene mawu ake amamveka kutsidya kwa msika ankachita kunong'ona.

"Alamu, tandionerani. Maso angawa angandinamize. Mwina ndi ndere zomwe zija."

A Telala anachotsa phazi pa makina. Analavulira mapini m'dzanja, anavala magalasi, n'kutengera chitinicho pakhomo pomwe pali kuwala. Poyamba sanaone kanthu. Kenako anaona timadontho tobiriwira, tochepa kuposa bowo la singano, tomwazikana cha m'mphepete. Pa kena, pakati pa timasamba tiwiri toyamba, panatuluka kachitatu, kofiirira, kali ndi ubweya wowerengeka, ndipo pansonga pa ubweya umodzi panali ponyowa.

Anayang'ana nthawi yaitali.

"Ndi komweko," anatero.

A Makaniko anapumira m'mwamba, anapukuta nkhope ndi mkono, girisi n'kutsala pachipumi.

"Ndiye tsopano nditani?"

"Musachite kanthu. Musakakhudze, musakadyetse. Madzi okha asaphwe pansipo. Kakadzakula mudzagawe m'zitini zina, china mudzapititse kwa a Namwino."

"Nanga inu?"

"Changa ndikudikirabe. Chikakana ndidzabwera kudzapempha."

A Makaniko anavindikira chitini chawo mosamala n'kutuluka chammbuyo. Mayi wina amene ankalowa ndi diresi lofuna zipi anawapatukira, n'kuwayang'ana mpaka atawoloka msewu, akuyenda pang'onopang'ono pakati pa njinga ndi maminibasi.